Ndinagwira ya 2010, anandibweretsera ya 2014

Loweruka loyamba la mwezi uno, nthawi ili 9:40 m'mawa, galimoto yomwe ndinagula K170,000 inakhala pansi pakati pa msewu wa ku Mlolo, mkwatibwi ali m'kati. Tayala silinaphulike. Mafuta sanathe. Inangokhala, mimba pa dothi, ngati ng'ombe yokana goli. Ukwati unali wa 10 koloko ku tchalitchi chathu pa boma.

Ndikulemba pa gulu lino kuti anthu a ku Chadiza mumve kwa ine mwini. Pamsika nkhaniyi yakometseredwa kale. Ena akuti mayi wa ku mudzi anafuna za mabwana, waziona.

Ine ndine Naphiri, mkazi wa malemu a Banda, aja ankanyamula akwati. Ambiri a inu munakwera m'galimoto yawo yakuda ija, ena munaimangako maliboni ndi manja anu. Anagwira ntchito imeneyi zaka 19, ndipo palibe mkwatibwi amene anachedwa pa guwa chifukwa cha iwo. Anatisiya mu Malichi. Munda wathu ndi waung'ono. Chomwe anandisiyira chenicheni ndi ntchito ya maukwatiyi, ndi mwana wathu wamkazi Tiyanjane, amene anamuphunzitsa okha kuyendetsa mpaka anatenga laisensi.

Galimoto yakale ija injini inagogoda n'kuferatu mu Januwale. A Banda anapita kawiri ku Chipata, pa yadi ina yogulitsa magalimoto ogwirapo kale ntchito. Ulendo wachiwiri atabwerako anakhala pakhonde akuvula nsapato, n'kundiitana.

"Mayi a Tiya, ziliko ziwiri. Mtundu umodzi, zonse zakuda, za ku Ulaya zija amakwera mabwana. Ina ya 2010, ina ya 2014. Ya 2014 ndi yokongola, sindikana. Koma imakhala pa mpweya. M'malo mwa masipulingi achitsulo anaikamo matumba a labala, pampu n'kumawapopa. Pa tala zili bwino. Koma ku Mlolo ndi ku Zingalume miyala ingawaboole, ndipo Chadiza yonse palibe makaniko angawakonze. Ya 2010 ili pa chitsulo. Chitsulo chikavuta, timakonza pano pomwe pamsika."

Ndinawafunsa kuti munthu ngati ine angazisiyanitse bwanji, poti zonse n'zakuda. Anati ya mpweya ukailiza imadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wochoka pa mpando. Ya chitsulo imangokhala mmene inalili.

Sanafike poigula.

Mu Julayi ndinatenga ndalama zomwe iwo anasunga, ndinagulitsa ng'ombe zinayi, ndinati ndikamalize zomwe anayamba. Lachiwiri ndinakwera minibasi ya 6 koloko. Tiyanjane anatsala, mwana wake anali ndi malungo. Ndinapita ndi a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, kuti akhale mboni.

Pa yadi tinafika 8:30. Anatilandira bambo wina, a Jasitini, nsapato zowala, makiyi akuzunguza pa chala. Anandidutsa ine ngati mtengo, n'kukagwira dzanja la a Tembo.

"Abwana, mukufuna iti?"

A Tembo anandiloza ine.

"Aaa, ndinu mami! Khalani pa mpando, mami."

Sindinakhale. Ndinati ndikufuna yakuda ya 2010. Anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve.

"Mami, ndani amasiya yatsopano n'kutenga yakale? Taonani ya 2014 iyi. Mipando yake imatenthetsa msana."

Ndinawafunsa ngati anafikako ku Chadiza mu Okutobala. Nditenthetse msana wa mkwatibwi, wandilakwira chiyani?

Anati denga lake limatseguka.

Ndinati fumbi la ku Zingalume likalowa pa velo adzachapa ndi iwo?

Anati mtengo wake ndi K195,000 koma chifukwa cha ine aitsitsa kufika 180. Ndinati ngakhale aitsitse kufika pa mtengo wa njinga, sindikuifuna. Ndinawapempha alize zonse ziwiri ine ndikuona. Ya 2014 inanyamuka pang'ono, ndinaiona ndi maso anga. Ya 2010 inangolira, osasuntha. Ndinapita pa ya 2010 ija, ndinaika chikhatho pa boneti, n'kunena mokweza kuti, "Iyi."

A Tembo anati, "Ndaona."

A Jasitini anati, "Palibe vuto, mami."

Apa ndi pamene ndinalakwira, ndipo sindibisa. Kwathu kuno ukamagula ng'ombe umalowa m'khola, umaigwira pamsana mboni ikuona, mwini wake n'kuvomera. Zathera pomwepo. Ngakhale ukaitenge patapita mwezi, ukapeza yomwe unagwira. Ng'ombe zanga zinayi ndinagulitsa choncho sabata yomweyo. Ndinayesa kuti kulikonse anthu amagula choncho.

Tinapita ku banki, 11:15 ndalama zinalowa kwa iwo. Anandipatsa lisiti la Chingerezi. Ine sukulu ndinalekeza giredi 5. A Tembo anayang'ana dzina langa, anayang'ana ndalama, zonse zinali bwino. Sitinafunse zina. Tiyanjane ndi amene anadzandiwerengera pambuyo pake zomwe analembapo: galimoto yakuda imodzi. Basi. Chaka palibe. Nambala palibe. Nambala ya chasisi, ija amadinda pa chitsulo cha galimoto iliyonse, palibe.

Anati galimoto itsale sabata imodzi, aichite sevisi ndi kusintha dzina pa mapepala, kenako adzaibweretsa okha ku Chadiza. Ndinathokoza. Ndinathokozadi, ndi manja awiri.

Sabata imodzi inakhala masabata asanu ndi limodzi. Ndikaimba foni, "Mawa, mami." Mawa likafika, makaniko wapita ku maliro. Sabata inayo, mapepala sanatuluke. Kenako amene ali ndi makiyi wapita ku Lusaka. Yadi yonseyo makiyi amasunga munthu mmodzi?

Nthawi yonseyi ndinali nditapereka kale mawu ku banja la kwa Mlolo. Mwana wawo Esinati ankakwatiwa. Mkulu wake anamunyamula a Banda zaka zapitazo. Bambo ake anabwera okha pa njinga kudzandiuza kuti akanatha kubwereka galimoto ku Chipata, koma akufuna ya kwa a Banda, kuti ntchito isafe ndi mwini wake. Ameneyu anali mkwatibwi wanga woyamba popanda amuna anga. Anthu onse a pa mpingo ankayang'ana kuti tione ngati mayiyu ndi mwana wake akwanitse.

Galimoto inafika Lachisanu, 16:30, ukwati uli mawa lake. Anabwera nayo dalaivala amene sindinamuonepo. Anaponyera Tiyanjane makiyi, anati akuthamangira minibasi yomaliza, ngakhale madzi akumwa anakana. Galimoto yotsukidwa bwino, yowala, anansi ayamba kale kusonkhana. Ndinauza Tiyanjane kuti aizimitse, tidikire pang'ono, kenako ailizenso.

Inadzuka.

16:45 ndinaimbira a Jasitini. Anayankha akuseka.

"Mami, mwaiona? Sapulaizi! Takupatsani yatsopano pa mtengo wa yakale. Bwana anamva chisoni atamva kuti ndinu wamasiye."

Ndinawafunsa ngati ndinabwera kudzagula chisoni kapena galimoto. Ndinati ndinagwira ya 2010 pamaso pa mboni, ili kuti?

"Ija yapita kale, mami. Koma inu muzithokoza Mulungu. Anzanu amalirira zimenezi."

Foni inaduka. Ndinaimba kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu inali yozima.

Tiyanjane anati, "Amayi, tiwauze a kwa Mlolo, asake ina." Asake kuti? Dzuwa likulowa, pa boma pano galimoto ya ukwati aipeza kwa ndani? Ndinaganiza kuti ulendo umodzi wokha, tikayenda pang'onopang'ono, ipirira. Chisankho chimenecho chinali changa, osati cha mwana wanga. Amene mukumunena Tiyanjane kuti mkazi sangayendetse galimoto yotere, nenani ine.

M'mawa tinaipeza yapendekeka, kumbuyo mbali ya kumanzere kwatsika. Titailiza pampu inalira nthawi yaitali, kenako inawongoka. Tinamanga maliboni. Tinanyamuka.

Kumudzi tinafika 8:30. Amayi a m'mudzimo anayala zitenje kuyambira pakhomo mpaka pa chitseko cha galimoto, nthungululu zili pakamwa. Lole ya achibale inatsogola. Esinati analowa ndi azakhali ake, ine kutsogolo pambali pa Tiyanjane. Mwana wanga ankayendetsa ngati wanyamula mazira, bampu iliyonse akuizemba.

Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa pamene pali miyala yotuluka pakati, mukangodutsa kamlatho. Pamenepo tinamva fyuuu, ngati munthu wamasula valavu ya njinga. Kanyali kofiira kanayaka. Kumbuyo kunagwa. Tisanayende mamita khumi kutsogolo nako kunagwa, pansi pakukhulika pa miyala. Tiyanjane anazimitsa. Analizanso. Pampu inalira, inalira, galimoto osadzuka.

Abambo anayi odutsa pa njinga anayesa kukankha. Matayala anali atalowa m'kati, akukhudza bodi. Sinasunthe. Lole inali itapita kale, foni ya mkwati yosagwira. Tinaima pa dzuwa mpaka 10:30, Esinati ali m'kati ndi diresi lake, thukuta likutsika, azakhali akumupepeza ndi pulogalamu ya ukwati.

Kenako kunabwera ngolo ya matumba a chimanga, ikupita ku chigayo. Mwini wake anaima, anavula chipewa, anati, "Ngati simunyansidwa."

Mkwatibwi wonyamulidwa ndi a kwa a Banda anakwera ngolo. Azakhali anayala chitenje pa matumba, ine ndinamugwirira diresi kuti lisakole pa msomali. Ng'ombe ziwiri, fumbi, ana a m'midzi akuthamanga m'mbuyo. Pa mphambano tinapeza njinga zamoto, tinamukweza cham'mbali. Pa tchalitchi anafika 12:10, m'munsi mwa diresi muli mofiira ndi fumbi. Kwaya inali itaimba nyimbo zake zonse n'kuyambiranso. Abusa anali ndi ulendo wina masana, anauchedwetsa.

Esinati sanalire. Potsika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, musadandaule, tafika." Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kwambiri. Azakhali ake ndiye sanabise. Pa masitepe a tchalitchi, amayi a chigwirizano onse akumva, anati, "A Banda akanakhalapo, izi sizikanachitika."

Ananena zoona.

K1,500 yomwe anandilipira ya ulendowo ndinabweza tsiku lomwelo. Galimoto inakokedwa ndi thirakitala madzulo, K600. Pofika Lachitatu mabanja awiri amene anandiuza za maukwati awo anatumiza mawu kuti apeza kwina. Latsala banja limodzi la ku Zingalume, ukwati wa mu Novembala. Anena poyera kuti adikira aone ngati ndikhale ndi galimoto yoyenda. Limeneli likachoka, ntchito ya a Banda yathera pamenepo.

Lolemba ndinali pa yadi 8:40. Anati a Jasitini atuluka. Ndinakhala pa benchi. 10 koloko, atuluka. 12 koloko, atuluka. 13 koloko ndinazungulira kuseri kwa ofesi kukafuna chimbudzi, ndinawapeza atakhala pa tayala akudya tchipisi. Anatuluka kupita kuseri?

Anati nkhaniyi yakula, ndi ya a manejala. A manejala anafika 14:20. Sanandipatse moni. Anatenga lisiti langa ndi zala ziwiri, analiyang'ana, n'kundifunsa kuti, "Apa palembedwa galimoto yakuda. Yomwe muli nayo ndi yofiira?"

Ndinawafotokozera kuti ndinagwira ya 2010 pa boneti, mboni ilipo.

"Kugwira boneti si pepala, amayi. Kuno si ku khola."

Ndinati galimoto yawo inakhala pansi tsiku loyamba, mkwatibwi ali m'kati.

Anafunsa msewu wake. Nditatchula, anagwedeza mutu. Anati motoka ngati imeneyo si ya misewu yotero, ndaiwononga ndekha. Ndinati n'chifukwa chake ndinaikana! Ndinaikana katatu pamaso pa antchito awo! Anati ndisakweze mawu, pali makasitomala. Ine ndine chiyani, mbuzi yolowa m'munda?

Kenako anatsamira pa mpando n'kunena mofatsa, ngati akundithandiza:

"Amayi, nkhani za motoka n'zovuta kumva. Mupite, mukabwere ndi abambo a kunyumba, tidzakambirane bwinobwino."

Ndinali nditavala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Ndinawauza kuti abambo a kunyumba ali kumanda kuyambira Malichi, ngati akufuna kukambirana nawo ndiwaperekeza, minibasi ndiwalipirira.

Anayang'ana pa foni yawo.

Taganizani. Bwana yemweyu ndi amene akuti anandimvera chisoni chifukwa ndine wamasiye. Chisoni chake chinali chachikulu mpaka sakudziwa n'komwe kuti amuna anga anamwalira. Ndiye wabodza ndani pa awiriwa?

Lachinayi ndinabwereranso ndi a Tembo. Munthu wamkulu, wa imvi, anaima n'kunena zomwe anaona. A manejala anati akulemekeza mpingo, koma iwo amagwira ntchito ndi mapepala. A Jasitini anati sakukumbukira bwino, makasitomala ndi ambiri. Mipando yotenthetsa msana ankaikumbukira. Dzanja langa pa boneti analiiwala.

Potuluka tinaima pa geti kugula nthochi. Mayi wogulitsa pamenepo anandiyang'ana n'kufunsa, "Ndinu munatenga yogwada ija?" Ndinati yogwada iti? Anati galimoto imeneyo yakhala pa yadi kuyambira dzinja latha. M'mawa uliwonse iye akamayala nthochi ankaipeza yagwada, antchito n'kuiliza msangamsanga anthu asanabwere. Anati yakuda inzake ija inatengedwa ndi bambo wina wa ku Katete patangopita masiku atatu ine nditalipira, ndipo anamva antchito akusekerera kuti bamboyo anawonjezera.

Ndiye sapulaizi yake ndi imeneyo. Yabwino anagulitsa kawiri. Yodwala anaikankhira kwa mayi wa ku Chadiza wosadziwa Chingerezi, n'kumuuza kuti athokoze.

Ulendo wachitatu anandilandira ndi pepala. Akuti apeza njira. Matumba a mpweya anayi ndi pampu aitanitsa kunja, K38,000, ndilipire ine, zifika pakatha masabata asanu ndi limodzi. Ndalama ya makaniko okha andichotsera, "chifukwa ndinu mayi wathu." Ndinafunsa kuti akakonza, msewu wa ku Zingalume nawo athira tala? Ndinafunsa kuti ikadzagwadanso ndi mkwatibwi wina, adzabwera ndi ngolo yawo? Anati ndili ndi mkwiyo.

Inde ndili nawo.

Ndiye inu a pa yadi, ndikukufunsani pano pomwe aliyense akuona. Ndani anakupatsani mphamvu yosintha chinthu chomwe munthu walipira kale? Ngati inalidi mphatso, bwanji simunandiimbire kundifunsa, masabata asanu ndi limodzi onse aja tikulankhulana tsiku ndi tsiku? Bwanji munaibweretsa Lachisanu madzulo, mukudziwa kuti ukwati ndi mawa? Ndinakuuzani tsiku lake kangati? Bwanji lisiti la K170,000 lilibe chaka, pamene lisiti la feteleza amalemba mpaka mtundu wa thumba? Akanabwera bambo wa tayi mukanamulembera "galimoto yakuda imodzi"?

Sindikupempha chifundo. Ndikufuna chimodzi mwa ziwiri. Mundipatse ya 2010 ya masipulingi achitsulo, ndiilize ndekha, chaka ndi nambala zilembedwe ine ndikuona. Kapena mubweze ndalama zanga zonse, mubwere mudzatenge yanuyi pa thirakitala yanu.

Kwa inu amene mukufuna kugula magalimoto a mabwanawa, imvani kwa munthu amene wapsa. Chaka chatsopano si ndiye kuti chikuyenerani. Ya 2014 mwina ndi yabwino kwa wokhala m'tauni, sindikuinyoza. Funsani kaye kuti pansi pake pali chitsulo kapena mpweya, kenako muganize za msewu wa kwanu ndi makaniko wa kwanu. Pitani m'mawa kwambiri geti lisanatsegulidwe, muione mmene yagonera. Pa lisiti alembe chaka, nambala, ndi nambala ya chasisi, ndipo wodziwa kuwerenga afanizire ndi zomwe zili pa galimotoyo musanapereke ngakhale ngwee. Musalole zoti adzakubweretserani. Mwalipira, tulukani nayo tsiku lomwelo.

Dzina la yadi sindilemba pano. Tiyanjane walemba kalata ku ofesi yoona madandaulo a ogula, a Tembo asainira ngati mboni, ndipo andilangiza kuti dzinalo lidikire yankho. Koma amene akufuna kulidziwa abwere kunyumba, ndimuuza ndi pakamwa.

Galimoto ili pabwalo, yofunditsidwa tenti, nkhuku zikulephera ngakhale kulowa pansi pake. Ine Lolemba ndi Lachinayi lililonse ndimakwera minibasi ya 6 koloko. Ndimakhala pa geti pawo, pambali pa mayi wa nthochi, lisiti lili m'manja. Sinditukwana munthu. Aliyense amene akulowa ndimamupatsa moni, ndimamuonetsa lisitilo, ndimamuuza zomwe palibe. Sabata yatha anthu awiri anabwerera pa geti pomwepo. A manejala anatuma mlonda kuti andichotse, mlonda anawayankha kuti msewu si wa kampani.

Mawa ndi Lolemba. Ndikwera ya 6 koloko.